Chithunzi Chili ku Limbe Chija

Wokondedwa mwana wanga Lameki,

Ndikulemba masana ano ndili pakhonde, iwe uli kuboma kukatsanzika anzako. Umandidziwa kuti pakamwa ndine wosauka. Ndikafuna kunena nkhani yaikulu lilime limalemera, mapeto ake ndimangokufunsa ngati wadya. Ndiye ndati ndilembe. Ndinayamba ndi pensulo, ndafufuta malo ambiri, tsopano ndikubwereza ndi inki kuti mawu asazimirire m'thumba. Kalatayi ndiika pansi pa kamba wako. Ukawerengere m'sitima, pamudzi pano ayi.

Nkhani yake ndi imodzi, ndipo ukuidziwa. Ndi chithunzi chija chimene kalaliki wa nyumba yosindikiza mabuku anapita nacho ku Limbe, chimene akuti adzachiika pa kalendala ya chaka chamawa. Ukafika, usanafunse ndi pogona pomwe, ukachipemphe. Chisasindikizidwe, Lameki. Chikadzapachikidwa m'masitolo a ku Salima kuno, iwe pamudzi pano sudzapondanso.

Ndikukumbutse mmene zinayendera, chifukwa iwe ukamafotokoza umadumpha pena. Tsiku lometa maliro a mayi anga aang'ono, zilombo zinatulukira pabwalo. Ife a mpingo sitiloledwa kuonerera gule, koma maliro anali athu, ndiye ndinaima kumbuyo kwa amayi oimba. Iwe unakhala pansi pa nkhokwe, buku lako lili pabondo. Ndinakuona. Sindinakuletse, poti ndinkayesa ukujambula ng'oma ndi anthu. Koma unajambula chilombo cha nthenga kumutu chija, thupi lonse matope, fumbi lili koboo kumapazi. Ndipo pa katumba wa mwendo wamanzere unaikapo chipsera chopindika ngati chikwakwa chodulira mpunga.

Utapita kusitolo kumene unkalemba chikwangwani, unaonetsa bukulo kwa kalaliki uja. Anakondwa, nang'amba tsambalo, nakulonjeza ntchito. Koma lisanalowe m'chikwama chake, linadutsa m'manja mwa atelala a pakhonde. Iwo anaseka nati, "Kani chilombo ichi nachonso chinalumidwapo ndi ng'ona ku Linthipe, ngati amalume ake a mnyamatayu?" Pakhondepo panali anthu. Nkhani inafika kumudzi iwe usanatsuke mabulashi.

Umati, "Amayi, chipsera chija aliyense pabwalo anachiona." Sukunama. Nanenso ndinachiona. Ndine amene ndinkatsuka bala limenelo ndi madzi a mchere ndili mtsikana, alongo anga akulira ngati khanda. Amayi onse oimba anachiona. Koma pabwalo sipavina munthu, pamavina chilombo chochokera kumanda, ndipo maso a mudzi wonse amagwirizana zimenezo. Mkazi amaomba m'manja patsogolo pa mapazi amene amawadziwa bwino, osamwetulira n'komwe. Fumbi likatsika zatha, palibe chotsala choti wina aloze ndi chala. Iwe unatenga chimene chimayenera kupita ndi fumbi, nuchikhazika papepala. Komanso sunagule njira yolowera gule, ndiwe mwana wa sukulu ya mishoni. Ngakhale ine sindiyenera kulemba izi, chifukwa si nkhani ya munthu wamkazi.

Unandiyankhanso tsiku lija kuti, "Dziko lasintha amayi, azungu amajambula zilombo ndi kamera, ndani amawagwira?" Yankho lake ndi ili. Mzungu akajambula amakwera galimoto nkumapita. Alibe amalume pano, alibe mayi wotunga madzi pachitsime chimodzi ndi akazi a anthu amenewo.

Sindikudzudzula iwe wekha. Maso akowo ndinawaphunzitsa ndine, ndipo ndinawaphunzitsa theka. Ndikuuze mmene ine ndinaphunzirira, mwina utolapo kanthu.

Ndili pasukulu, dona wa pamishoni ankatiphunzitsa kupeta nsalu za patebulo. Anali ndi buku la maluwa a kwawo. Ine ndinasankha duwa lalikulu la masamba ambirimbiri, ndinalikopera mosamala, ulusi uliwonse pamalo pake. Dona anandiyamikira pamaso pa anzanga, ine manyazi mpaka kubisa nkhope m'manja. Nditabwera nayo nsaluyo kunyumba, amayi anga anaitembenuza uku ndi uku, nati, "Kabichi ameneyu wadwala chiyani kuti afiire chonchi?" Ndinakalirira kuseri kwa nyumba. Koma sanalakwe. Duwalo ndinali ndisanalinunkhizepo, sindinkadziwa ngati limamera pansi kapena mumtengo. Ndinasoka chinthu chakufa. Patapita masiku ndili kudimba ndinathyola duwa la dzungu, ndinaliyang'ana m'kati, ndinaona timisempha take tikuchokera pansi nkumagawikana ngati njira za mbewa. Ndinali nditadya maluwa amenewo moyo wanga wonse osawaona. Ku Limbe akakupatsa mabuku a zithunzi za kunja kuti uzikopera. Uzikopera, poti ndi ntchito. Koma akakufunsa chako, uzipereka chimene unachigwirapo ndi manja.

Nditakwatiwa ndi bambo ako tinakhala ku Senga Bay, iwe uli kumsana. Pafupi nafe panali Abiti Saidi, amene unkawatcha amayi a zitumbuwa. Atamva kuti ndimapeta, anandibweretsera mzuli woyera wa amuna awo a Jafali, kuti ndiukongoletse adzavale pa Idi. Ine ndinafuna kuonetsa luso. Ndinakhala pagombe kuyang'ana nkhwazi mpaka ndinaidziwa, nkuipeta pamphumi pa mzuliwo, mlomo, zikhadabo ndi diso lomwe. Abiti ataona anagwira pakamwa. "Mnzanga, mbalameyi ndi yamoyo ndithu. Nanga bambo akaswali bwanji ili pamutu? Shehe akawabwezera pakhomo pa mzikiti. Ife chinthu cha mpweya sitiika pa chovala cha swala." Ndinati sindinadziwe. Iwo anati, "Ukanafunsa. Pakamwa uli napo, ngakhale umangopasunga ngati ndiwo za alendo." Tinakhala tonse pamkeka kumasula ulusi, ine misozi ili chuchuchu. Kenaka anandigwira dzanja naliika pamkeka womwewo, kuti ndione mmene mlaza wofiira umalowera pansi pa woyera nutulukira patsogolo, timakona tikuthamangitsana mpaka m'mphepete. Ndinapeta zimenezo, ndipo a Jafali anauvala mzuliwo mpaka unang'ambika. Nkhani iyi ndikanakuuza kale, mwina bwenzi tsiku lija buku lili m'thumba. Usanajambule cha eni, uzifunsa eni ake.

Ku Senga Bay komweko, bambo ako anandiuza kuti ndiwasokere kansalu ka pandodo kosonyeza pamene atchera matchera awo. Ndinapita kusitolo, ndinasankha nsalu yobiriwira ngati madzi akuya, chifukwa m'manja mwanga inali yokongola kuposa zonse. Ndinaipinda m'mphepete bwinobwino. Mwera utakuntha anapita ndi bwato kukavuula, anazungulira mpaka manja kutupa, kansalu kosaoneka. Kanali kofanana ndi nyanja. Matchera anapita. Bambo ako sanandimenye, anangoti, "Esinati, nsomba sizikanadandaula ukanaika yofiira." Pofuna ndalama ya matchera ena ndi pamene anapita ku Halale, ndipo ukudziwa kuti sanabwereko. Sindinena kuti kansalu ndi kamene kanawachonetsa, munthu amachona ndi mtima wake. Koma kuyambira pamenepo ndikasoka kanthu ndimakapachika pamtengo, nkupita kukaima pamene adzaime woona. Iwenso uzitero. Chimene chakongola pabondo pako sindicho chimene anthu adzaone. Iwe unaona mzere wopindika bwino pamwendo, atelala anaona dzina la munthu.

Chaka cha njala chija unali utazindikira, ukukumbuka. Tinali titabwerera kuno kwa amalume ako. Pofuna kuti uiwale m'mimba ndinkakupatsa khala kuti uzijambula pakhoma. Ukajambula nkhuku ndinkati, "Nanga chala chakumbuyo chili kuti? Pita ukayang'anenso." Ukajambula dengu ndinkati utsate mmene nsungwi zalukidwira. Mawu anga anali amodzimodzi tsiku lililonse: usasiye kanthu. Mlongo wako Marita atayamba kutupa, ndinakupempha kuti umjambule kuti nkhope yake tisadzaiiwale. Unamvera. Unajambula masaya otupa, tsitsi lothothoka, milomo yong'ambika, ndi ntchentche pakona pa diso. Sunasiye kanthu. Titaika maliro sindinathe kugona m'nyumba muja khoma likundiyang'ana. Ndinatenga mtsiro nkuzira khoma lonselo iwe utapita kukafuna nyika zoti tidye kudambo. Utafunsa ndinati linang'aluka. Ndikanakuuza pomwepo kuti wojambula amasankha. Marita anali ndi kampata pakati pa mano, ndipo akamaseka ankapendeketsa mutu. Zimenezo ndi zimene ndinkafuna, koma sindinadziwe kuzipempha. Lero ndikamkumbuka imabwera ndi nkhope ya pakhoma ija. Chimene chajambulidwa chimakhalitsa kuposa chimene chinalipo, Lameki. Ukachipemphe chithunzi chija.

Dzana amalume ako anabwera iwe kulibe. Anakhala pamtondo wogona uja, chipewa chili pabondo. Ukumbukire kuti ndi munthu amene anakugulira bulashi yoyamba, amene ankakunyamula paphewa ku siteshoni ya Chipoka kuti uone zilembo za pa mabelo a thonje, iwo osadziwa kuwerenga ngakhale chimodzi. Kenaka anati, "Naphiri, mwana wako wandivula pagulu."

Ndinati, "Achimwene, ndi mwana, sanadziwe."

"Mwana wometa ndevu? Ine ndamuyankhulira kwa anzanga mpaka malovu kuuma. Ena amafuna amtengere kumene iwe sungafune kumva. Ndawauza kuti msiyeni apite, pepala libwere m'manja mwanga, ndikaonetse, nkhani ithe."

Ndinafunsa kuti nanga likapanda kubwera. Anakokera buluku lawo pansi, ngakhale linali lofika kale m'mapazi. Anati, "Likadzapachikidwa m'sitolo, ana a sukulu nkumaloza, ine ndilibe mwana wa mlongo. Akadzabwera sindidzatha kuima pakati."

Ndiye umve bwino. Pepalalo usakaliotche, chifukwa palibe adzakhulupirire phulusa limene sanalione. Usakalitumize pa positi, chifukwa makalata a mudzi uno amafikira kusitolo ndipo amagwidwa ndi manja ambiri. Ukalipinde, ukalikulunge m'kansalu, ukapatse a Jafali. Masiku ano amapita ku msika wa Limbe pa sitima ndi madengu a nsomba zouma. Ndayankhula nawo. Ati sadzatsegula, za zilombo alibe nazo chidwi, awo ndi kampango basi.

Mwini nyumba yosindikizayo sakakondwa. Anakuitana chifukwa cha chithunzi chimenecho, ndipo kwa iye ndi chinthu chokongola chabe. Mwina akakuseka, mwina akakuuza kuti ubwerere kumene wachokera. Usakayambe kumufotokozera za kumanda, sakamva. Koma usakalowe chimanjamanja. Ukafike ndi zithunzi zina zoposa chija, kuti akaone kuti dzanja limene analifuna lilipo ndithu. Ulendo wa sitima ndi wautali, buku uli nalo, pensulo ndakusongolera.

Unandiuza kuti makina awo amatulutsa bwino mitundu iwiri yokha, wakuda ndi wofiira, ndiponso kuti kalendala iyenera kukopa munthu akadali pakhomo pa sitolo. Ndakhala ndikuganizira zimenezo potunga madzi, posinja, ngakhale m'tchalitchi, Mulungu andikhululukire. Ndaona kuti mudzi wathu ndi wa mitundu yomweyo. Makande ndi akuda, katondo ndi wofiira, ndipo kuyera kwa phulusa pepala likupatsa lokha. Sukupita kumeneko ngati wosauka.

Taganiza nthenga ya nkhanga. Madontho ake si ofanana, pakati ndi aakulu, cha m'mphepete amachepa mpaka kusanduka timizere. Ndakuikira zingapo m'buku lako, usazitaye poyesa zinyalala. Taganiza usipa pathandala, mmene amauwazira mitu uku ndi uku popanda dongosolo, koma ukaima patali umaoneka ngati nsalu imodzi yonyezimira. Khoka likayanikidwa, mthunzi wake pamchenga umakongola kuposa khoka lenilenilo, ndipo inki yakuda yokha ingakwane. Thonje likaphulika m'munda, choyera chija chimawala chifukwa cha chikhokho chakuda chimene chachigwira, ukachotsa chakudacho limangokhala ngati malovu. Zonsezi zilibe mwini woti akwiye. Nkhanga siidzapita kukadandaula kwa munthu.

Mtsuko wa agogo ako uli pakona uja umaudutsa tsiku ndi tsiku osauyang'ana. Usananyamuke mawa ndikutuma kuti ukatungemo madzi, mwina uuona. Pakhosi pake anadinda ndi chitsononkho, m'munsi mwake anakanda ndi chigoba cha nkhono, timizere tina topendekera kumanja, tina kumanzere. Pamimba ponse anasiya popanda kanthu. Ndili mwana ndinkayesa anatopa. Nditaumba wanga ndinaulemba ponseponse mpaka kunsi, ndipo pachitsime anzanga ankati, "Mtsuko wa Esinati wagwidwa mphere, musaugundanitse ndi yathu." Malo opanda kanthu nawonso ndi ntchito. Zikwangwani zako umazidzaza kwambiri, ngati ukuopa kuti ukasiya mpata anena kuti ndiwe waulesi. Chija cha pasitolo ya Mmwenye chili ndi njinga, ketulo, nsapato ndi tambala, munthu sadziwa poyambira. Ndinkafuna kukuuza, koma unali wokondwa.

Ku Limbe sindinafikeko, koma ndikhulupirira kuti nakonso kuli zoti maso adye. Uzipita kumsika ngakhale ulibe chogula, uone mmene amayi amaunjikira matimati, lofiira kwambiri lili pamwamba. Uone zimene matayala a njinga amalemba m'fumbi, mmene dzimbiri limatsikira pa malata, mmene nsalu yakale imasulukira m'mapindiro. Zimenezo uzitola mmene ungathere. Koma nkhope ya munthu ndi yake, uzipempha. Ukaona mwambo wa anthu a kumeneko, kaya ndi Alomwe, kaya Amang'anja, kaya Amwenye, buku likhale m'thumba mpaka mmodzi wa iwo akuuze kuti tulutsa. Ndikudziwa kuti uli ndi manyazi ngati ine. Umabisala kuseri kwa pensulo monga ine ndimabisalira kuseri kwa singano. Koma kufunsa kumawawa pang'ono poyerekeza ndi zimene tili nazo lerozi.

Usakanene kuti ndiyambe ndazolowera ntchito kenaka ndidzapemphe. Makalendala amafika m'masitolo mvula ikangoyamba, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Dedza. Chikalowa m'makina sichidzakhalanso pepala limodzi loti a Jafali anyamule. Tsiku loyamba lomwelo, Lameki, chipewa chili m'manja, mawu aulemu, koma osachoka pakhomopo.

Patsala chimodzi, ndipo ndi chimene ndafufuta kambiri. Amalume ako ataimirira kuti azipita anandifunsa kuti, "Nanga likadzapachikidwa, iwe udzakhala mbali iti?" Ndinayang'ana pansi. Ndinaganiza za mlongo wako Rute amene akadali pasukulu, za munda uwu umene anandisiyira amayi anga, za manda a Marita. Ndilibe kwina kopita nawo zimenezi. Ndinati, "Ndidzakhala pamudzi, achimwene." Ndafuna kuti uzimve kwa ine, osati kwa atelala.

Tanthauzo lake ndi ili. Ukakalephera kuchitenga, kapena ukakaona kuti sungathe kutaya ntchito, sindidzakutemberera. Udzadya, udzavala, ndipo mumtima ndidzathokoza kuti dzanja lako likukudyetsa. Koma usadzabwere. Ukadzamva kuti Rute akukwatiwa, udzangotumiza nsalu. Ukadzamva kuti ndadwala, usadzabwere. Ukadzamva kuti ndamwalira, udzalirire komweko. Manda a mudzi uno amakumba ndi anthu omwewo, ndipo sindifuna kuti tsiku limenelo adzakumbe awiri.

Mawa sindikuperekeza ku siteshoni. Anthu akuyang'ana kuti aone ngati ndikukuikira kumbuyo, ndiye ndikutsanzika pakhomo ngati ukupita kuboma kukabwera madzulo. Ndikapanda kukuyang'ana kumaso usayese kuti mtima wanga wauma.

Ukachipemphe, mwana wanga. Ndikufuna udzandiike ndiwe.

Ndine mayi ako,
Esinati Naphiri